Tsiku lonse pa mzere, kenaka akuti LA watha

Mwana akatentha thupi nyengo ino madzi atangophwa m'madambo a Shire, musayambe ndi mapiritsi a pa golosale. Kayezetseni magazi, ndipo kabuku ka kuchipatala musakaiwale.

Kuyezako sikuchedwa. Amabaya chala, kadontho pa kachipangizo kaja, pakapita mphindi zochepa mizere iwiri yatuluka, ndiye kuti ndi malungo. Chimene chinandipsetsa mtima ndi pa windo la mankhwala. Tafola kuyambira m'mawa, dzuwa la kuchigwa kuno mukulidziwa, mwana ali kumsana akubuula, kufika pa windo akuti, "Mayi, LA watha, kaguleni ku famase." Bwanji osalengeza tonse tikadali pa benchi? Ya kabaza ndinali nditalipira kale. Mukangolandira zotsatira, funsani kaye ngati LA alipo musanafole.

Pa msika wogulitsa wina akundiuza, "Tengani Fansidar mayi, kumwa kamodzi basi." Ndinakana. Chloroquine tinamusiya mu 1993 tizirombo titamuzolowera, Fansidar nayenso anafooka chimodzimodzi, mu 2007 n'kubwera LA. Lero Fansidar amapatsa amayi oyembekezera ku sikelo kuti awateteze, si wochiritsira mwana wodwala.

Ndaiwala, mwana amuyeze kulemera, chifukwa chiwerengero cha mapiritsi chimatengera sikelo. LA amamwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu. Kachiwiri ndi pakatha maola 8, ngakhale utakhala usiku mudzuke, kenaka m'mawa ndi madzulo. Mumpatse ndi mkaka kapena phala lothira nsinjiro, mankhwalawa amagwira bwino ndi chakudya cha mafuta. Akasanza pasanathe theka la ola, ayenera kumwanso.

Mwana atayamba kusewera, apongozi anati, "Wachira uyu, otsalawo tisungire mng'ono wake." Ndinawapempha mwaulemu kuti amalize. Thupi likazizira si kuti tizirombo tatha m'magazi. Totsalato ndi tolimba, udzudzu ukatitenga ukupita nato kwa mwana wa mnzako. Ku Rwanda ndi ku Uganda apeza kale tizirombo timene tikuchedwa kufa ndi mankhwala a mtundu wa LA. Akatifookera kuno, tidzamwa chiyani? Amalize onse, ndikubwerezanso, onse.

Koma mwana akamakomoka, akamasanza chilichonse kapena kulephera kuyamwa, mapiritsi asakuchedwetseni. Ameneyo ndi wa jakisoni wa artesunate, pezani njinga nthawi yomweyo ngakhale kuli mdima.