Ndeke yakale ya nkhondo: tiikonze kapena tigule ina?

Abale, musanakangane zoti ndeke zakale zikonzedwe kapena zisinthidwe, funsani kaye: thupi lake latsala ndi maola angati? Chitsulo chimatopa. Ndeke ikamakhota mwamphamvu, pamene phiko lagwirana ndi thupi pamayamba ting'alu tosaoneka ndi maso, ndipo radar (chida choonera ndeke zina zili patali) yatsopano sichiza zimenezo. Ndeke ya ku America ya F-16 inapangidwa kuti iuluke maola 8,000. Aku America akuifikitsa pa 12,000, koma pochita kuiphwasula n'kusintha zitsulo zam'kati. Si nkhani yongopaka penti.

Ndeke ya MiG-21, imene ZAF (gulu la nkhondo la m'mlengalenga la Zambia) inali nayo kale, ili ndi vuto lakelake. Mpweya wa injini umalowera kumphuno, ndipo radar imakhala m'kachisoti kosongoka pakati pomwepo, choncho yaikulu siingakwane ngakhale mutakhala ndi ndalama zotani. Romania ndi India anakonza zawo n'kuwonjezera zaka, komabe Romania inazisiya mu 2023, India mu 2025.

Zatsopano nazonso zimaluma. South Africa inasiya ndeke zake zakale za Cheetah mu 2008 n'kutenga zatsopano za Gripen, koma mu 2021 za Gripen zonse zinaima pafupifupi chaka chifukwa mgwirizano wozisamalira unatha. Mtengo wogulira ndi chiyambi chabe: pali ma spare, simulator (makina ophunzirira kuulutsa ndeke uli pansi), maphunziro a amakaniko, ngakhale wonga wa mpando umene umaponya woyendetsa kunja pangozi uli ndi tsiku lotha ntchito.

Kwa ife kuno ku Lusaka, ine ndikuti ndalama zipite posamalira ndeke za L-15 zisanu ndi imodzi zimene ZAF ili nazo. Injini zake ndi AI-222 za ku Zaporizhzhia, Ukraine, kumene kuli nkhondo, ndiye ma spare ake ndi oyenera kusungiratu.