Lero Agirikacha tinaphunzirira kunazale

Lachitatu, Chinsapo. Ana anga a Sitandade 5 lero ndinawatulutsa m'kalasi kupita kuseri kwa buloko komwe tayamba kanazale ka mitengo. Nditangoti anyamata tengani makasu, wina kumbuyo anafunsa, "Madamu, talakwa chani?" Ndinaseka koma zinandikhudza ndithu, paja m'masukulu mwathumu khasu ndi chibalo, wochedwa akalime, wolongolola akakumbe dzenje la zinyalala, ndiye mwana angadziwe bwanji kuti panja pamakhalanso phunziro?

Machubu enieni tinali nawo ochepa, ambiri anabweretsa mapepala a shuga ndi mapaketi a mkaka, tinangowaboola kunsi kuti madzi azituluka. Gulu lina kusakaniza dothi, mchenga ndi manyowa, lina kuthira m'machubu, lina kukatunga madzi. Phokoso lake musanene, ndipo mayunifomu lero makolo anditukwanira mumtima.

Pomwe panandisangalatsa ndi pa njere za msangu. Khungu lake ndi lolimba, ukangofesa choncho zimachedwa kumera, zina osamera n'komwe, ndiye umayenera kudula pang'ono m'mbali ndi chowengera zikhadabo. Ndisanamalize n'kufotokoza komwe, kamtsikana kena kamene m'kalasi sikatsegula pakamwa chiyambire temu kananditengera chowengeracho, nkuyamba kuonetsa anzake kuti musadule kumene kumatulukira muzu, dulani uku, pang'ono pokha kuti madzi alowe. Akuti amapanga ndi agogo ake ku Mitundu. Kenako ndi iyeyo wauza kalasi yonse kuti msangu umayoyola masamba mvula ikayamba, ndiye chimanga cha pansi pake sichisowa dzuwa komanso masambawo amasanduka chonde. Mwana yemweyu pa mayeso amalemba mizere iwiri basi, chifukwa kuyambira Sitandade 5 zonse zimakhala m'Chingerezi, ndiye tikamati ndi wofooka timakhala tikuyeza chani kwenikweni?

Masamu analowa okha. Tinandanda machubu 10 pa mzere, mizere 12, ndinangofunsa kuti alipo angati ndipo omwe amalimbana ndi mataimusi pa bolodi anakuwa 120 ndisanatembenuke.

Tili mkati mwa ntchito kunadutsa njinga za makala zochokera mbali ya ku Dzalanyama, matumba osanjikizana mpaka wokwera osaoneka. Ndinawafunsa anawo ngati akudziwa kuti mtsinje wa Lilongwe umayambira m'nkhalango imeneyo, kuti madzi omwe amayi awo amagula pa kiyosiki amasungidwa kaye ku Kamuzu Dam ku Malingunde. Mnyamata wina anati, "Koma Madamu, bambo anga amagulitsa makala, ndi momwe timadyera." Sindinamutsutse ayi, ndinangoti ndiye iwe udzale yambiri kuposa tonse.

Ahedi anabwera kudzasuzumira, anayamikira koma nkuwonjezera kuti silabasi isatsalire, MANEB sifunsa za machubu. Ine ndikuona kuti mwana amene wadula yekha njere sangaiwale za kameredwe ka mbewu ngakhale funso libwere m'Chingerezi chotani.

Nyengo yodzala mitengo imatsegulidwa pa 15 Disembala mpaka 15 Epulo, ndiye mbande zathu zipirire kaye dzuwa la Okutobala lino. Talemba ndandanda wothirira m'mawa uliwonse, Loweruka ndi Lamlungu adzipereka omwe amakhala pafupi. Vuto ndi mbuzi za anthu zomwe zimalowa pasukulu ngati kwawo, mawa aliyense abwere ndi nthambi ya minga titchinge.