Mpeni wanga wa Okapi tsopano ndi wosemera

Mthiko wa m'sitolo kuno ku Johannesburg suphika nsima ya anthu asanu ndi mmodzi, ndi waufupi ndipo umawotcha zala. Ndiye ndimasema ndekha. Mitengo sivuta: kumene ndimagwira ntchito ya m'dimba ku Randburg timasadza nthambi za jacaranda, ndipo ikakhala yaiwisi imasemeka mosavuta.

Mpeni ndi Okapi wopinda uja wa mphete kumsana. Unayambira ku Solingen, ku Germany, mu 1902, koma kuyambira 1988 umapangidwa konkuno ku South Africa. Chitsulo chake chimanoleka msanga, kungoti mpeniwo ndi wautali posemera, ndipo nsonga yoyang'ana m'mwamba ija imakumba pomwe sukufuna.

Ndinaufupikitsa ndi tupa kuchokera kumsana mpaka nsonga inatsikira kukamwa. Achimwene ena a ku Mangochi amati tingopita nawo pa grinder, ndinakana. Chitsulo chikatentha n'kusanduka chabuluu, basi chafewa, sichigwiranso kuthwa. Tupa ndi wochedwa koma sawotcha.

Ntchito yeniyeni inali kupepula kukamwa. Ndinamata sandpaper pa galasi, yokhakhala ya nambala 400 kenako yosalala ya nambala 1000, mpeni nditaugoneka pafupifupi chafufumimba, kenako n'kuupukuta pa lamba wachikopa wakale. Ukathwa bwino, zipalapala zimatuluka zopiringizika, mtengo n'kumanyezimira pomwe wadutsa.

Chigwiriro ndinangochisalaza m'mbali kuti chisatulutse matuza. Dzimbiri ndiye limabwera msanga, choncho ndikamaliza ndimapaka mafuta ophikira pang'ono. Mlamu wanga ku Rosettenville waitanitsa kale chipande.