Kutenga khadi la laibulale muno mu Harare, kwa ife okhala nyumba za lendi

Ndikafuna kulembetsa munthu ku laibulale, kaya mwana wa Fomu 4 kaya wamkulu, ndimayamba ndasankha koti tipite, chifukwa malaibulale a mu Harare sali pansi pa mwini mmodzi. Harare City Library, ija ili ku Rotten Row moyandikana ndi khoti la majisitireti ndi Museum of Human Sciences, ngakhale ili ndi dzina la mzinda, ili ndi komiti yakeyake yoiyendetsa. Inayamba mu 1902 ikutchedwa Queen Victoria Memorial Library, ndipo ili ndi nthambi monga ya ku Mount Pleasant ndi ya ku Mabelreign. Malaibulale a m'malokesheni, monga ya ku Highfield, ndi a khonsolo. Choncho khadi la uku musaliyese kuti ligwira ntchito uko. Ngati n'kungofuna tebulo lachete lowerengerapo madzulo, ndimasankha yapafupi ndi kunyumba kuti ndalama isathere pa kombi (minibasi). Ngati n'kufufuza nkhani yozama, ndimapita ku Rotten Row, ndipo kuchokera ku Market Square ndimayenda wapansi.

Ndimanyamula chitupa kapena pasipoti ndi fotokope yake, umboni wa kumene ndikukhala, zithunzi ziwiri zing'onozing'ono, ndi ndalama zosinthasintha. Mwana amene alibe chitupa amapita ndi satifiketi yobadwira, ndipo kholo lipite naye kukasaina. Wasukulu atenge kalata kapena khadi la kusukulu kwake, popeza mtengo wa ophunzira umasiyana ndi wa akuluakulu. Kunena zoona, si zaulere kotheratu: pamakhala ndalama yaumembala. Koma muiyerekeze ndi mtengo wa buku limodzi la sayansi la A Level, kapena ndi data ya mwezi wathunthu, muona kuti ndi yochepa.

Pamene ambiri a ife timabwerera ndi pa umboni wa kumene tikukhala. Bilu ya madzi imabwera m'dzina la eni nyumba, ndipo ife okhala m'zipinda za kuseri ku Mbare, Mufakose kapena Dzivarasekwa tilibe pepala lililonse lokhala ndi dzina lathu ndi adiresi pamodzi. Njira yake ndi iyi: ndimapempha eni nyumba alembe afidaviti, kalata yolumbirira, yonena kuti ndimakhala pakhomo pawo, isainidwe ndi kudindidwa kwa commissioner of oaths (munthu wololedwa ndi lamulo kulumbiritsa anthu), kenako ndimaiphatikiza ndi fotokope ya bilu yawo yaposachedwa ndi ya chitupa chawo. Chimene chimalakwika kawirikawiri ndi kalembedwe ka dzina. Mayina ambiri a ife amene makolo athu anachokera ku Malawi analembedwa mosiyanasiyana ndi makalaliki akale, pena ndi "l" pena ndi "r", pena Phiri pena Piri. Pa fomu ndi pa afidaviti ndimakopera dzina ndendende mmene lilili pa chitupa, ngakhale kwathu timalitchula mwina. Amene chitupa chawo chikadali cholembedwa "alien", kutanthauza mlendo, asachite mantha kupita nacho. Laibulale imangofuna kudziwa kuti ndinu ndani ndiponso kuti buku likasowa ikakupezani kuti.

Ndikalipira ndimasunga lisiti mpaka khadi litatuluka. Ndisanachoke pa kauntala ndimafunsa kuti ndingabwereke mabuku angati nthawi imodzi, kwa masiku angati, ndiponso chindapusa chochedwetsa amawerengera bwanji. Chindapusacho chimakwera tsiku ndi tsiku, nchifukwa chake ena akachedwa mwezi umodzi amachita manyazi n'kusiyiratu. Ndi bwino kupita tsiku lobweza lisanakwane n'kukapempha kuti akuwonjezereni masiku.

Kupeza buku ndiye luso limene anthu saphunzitsana. Pamsana pa buku pamakhala nambala ya Dewey, yosonyeza mutu wa nkhani ya bukulo, ndipo mashelefu amatsata nambalazo. Masamu ali pa 510, chemistry pa 540, biology pa 570, ulimi pa 630, malamulo pa 340. Ndikamafuna za kwathu ndimapita pa 968.97, pamene pamakhala mbiri ya Malawi. Ya Zimbabwe ili pa 968.91, ya Zambia pa 968.94. Zinenero za mu Africa zili pa 496, ndipo nthano, ndakatulo ndi nkhani zolembedwa m'zinenerozo zili pa 896. Mu katalogi sindifufuza "Chichewa" pokha. Mabuku akale analembetsedwa pansi pa "Nyanja", "Chinyanja" kapena "Cinyanja", ndipo dziko lathu muzilifufuza ngati "Nyasaland", makamaka pa zaka za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, 1953 mpaka 1963. Musayembekezere shelefu yodzaza ndi Chichewa. Ngakhale malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 anaika Chewa pa zinenero 16 zovomerezeka, mabuku athu m'malaibulale muno ndi ochepa, ndipo zimenezi zimandiwawa. Ndimauza woyang'anira mabuku mutu umene ndausowa, chifukwa pogula kapena polandira mabuku amaona zimene owerenga akufunsa.

Mabuku a ku reference, monga madikishonale ndi mamapu, satuluka panja. Ndimatenga kope ndi pensulo, ndipo ndisanajambule tsamba ndi foni ndimayamba ndapempha. Nyengo ya mayeso a ZIMSEC, bungwe loyendetsa mayeso a sukulu muno mu Zimbabwe, cha mu Juni ndi kuyambira Okutobala mpaka Novembala, matebulo amadzaza m'mawa kwambiri, choncho ndimafika akungotsegula, foni nditaitchajiratu popeza magetsi amatha kuthima.

Za agogo amene anabwera kudzagwira ntchito m'migodi, m'mafamu ndi kunjanji, laibulale ikupatsani chiyambi chabe. Zolemba zakale zenizeni zili ku National Archives of Zimbabwe, mumsewu wa Borrowdale, yomwe inakhazikitsidwa mu 1935. Kumeneko chilichonse chimawerengedwera pomwepo, ndipo popita ndimatenga chitupa, dzina la agogo m'malembedwe ake onse, dzina la mgodi kapena famu imene ankagwirako, ndi zaka zimene akuganiziridwa kuti anafika.