Khadi loyera la Lachinayi usiku

Uno ndi mwezi wachitatu ndikupempha kuti kampani itigulire iPhone imodzi ndi kompyuta imodzi ya Mac zoyesera ntchito yathu. Sindinanene kuti zikhale zatsopano, ngakhale zogwiritsidwapo kale ntchito zikanatikwanira. Yankho la akuluakulu lakhala lomwelomwelo: tsegulani Chrome, chepetsani zenera lifanane ndi foni, n'chimodzimodzi. Lachinayi usiku sabata yathayi tinaona tonse kuti si chimodzimodzi, ndipo mpaka pano mtima wanga sunakhale m'malo.

Tikupanga tsamba lomwe munthu amadzikonzera yekha khadi loitanira anthu ku mwambo. Amaikapo chithunzi, amalemba mawu, amawaza tinyenyezi tonyezimira, kenako amatsitsa khadilo ngati PNG kuti akalisindikize. Zonsezi zimajambulidwa pa canvas, malo a patsamba omwe khodi imajambulapo zithunzi, ndipo mbali imeneyi ili m'manja mwanga ndekha.

Lolemba mnzathu wokonza maonekedwe anadandaula kuti zilembo zikuoneka zachimbuuzi pa laputopu yake. Matenda odziwika awa. Ndinachulukitsa width ndi height (m'lifupi ndi m'litali) za canvas ndi devicePixelRatio, nambala yosonyeza kuthithikana kwa mapikiselo (timadontho topanga chithunzi) pa sikirini, ndinakonza scale, zilembo zinatuluka zakuthwa ngati zosindikiza. Kuchulukitsako ndinakuika mu function imodzi yomwe imapanga canvas iliyonse patsamba lathu, kuphatikizapo ija yobisika yomwe timajambulapo khadi lalikulu lotsitsa. Ndinaiwala kuti iyo ilibe kanthu ndi sikirini ya munthu.

Lachiwiri linapita ndi tinyenyezi. Pafoni ya mnzanga tinkagwa mothamanga kuwirikiza kawiri, chifukwa sikirini yake ndi ya 120 Hz, yosintha chithunzi (fulemu) ka 120 pa sekondi m'malo mwa ka 60, ndipo amene analemba khodiyo poyamba ankawerenga mafulemu m'malo mowerenga nthawi yomwe requestAnimationFrame imapereka. Ndinachotsanso shadowBlur, mthunzi wowala, pa kanyenyezi kalikonse, n'kujambula kuwalako kamodzi pa canvas yaing'ono kuti ndizingokopera ndi drawImage. Pa 60 Hz uli ndi mamilisekondi 16.7 okha pa fulemu iliyonse, ndipo mithunzi ija inkadya pafupifupi yonse. Lachitatu toDataURL, lamulo losandutsa canvas kukhala chithunzi chotsitsa, inayamba kukana ndi uthenga wa SecurityError chifukwa zithunzi zakumbuyo anazisamutsira ku seva ina osandiuza. Kuika crossOrigin ndi ntchito ya mphindi imodzi, koma kudikira woyang'anira seva kuti awonjezere Access-Control-Allow-Origin, chilolezo cha CORS choti tigwiritse ntchito zithunzi za pa seva inayo, kunanditengera masana onse.

Lachinayi madzulo tinatsegula tsambalo kuti anthu ayambe kuligwiritsa ntchito. Ndinali nditauza bwana m'mawa mwake kuti palibe amene waliyesa pa Safari ya pafoni, bulauza ya pa iPhone. Anati kasitomala walengeza kale tsiku, sitingabwerere m'mbuyo.

Itangokwana 8 koloko usiku, mauthenga anayamba kulowa. Mayi wina anatumiza chithunzi cha sikirini yake: khadi akuliona bwinobwino pamene akulikonza, dzina lilipo, tinyenyezi tikugwa, koma akadina potsitsa palibe chimene chikutuluka, malo oonetsera khadilo angoti mbee. Anali atalipira kale. Analemba kuti wayesa kasanu ndipo osindikiza akumudikira mawa m'mawa. Pambuyo pake panabwera wachiwiri, wachitatu, kenako ndinasiya kuwerenga. Onse anali pa iPhone.

Chimene chimapweteka ndi canvas n'chakuti ikalephera sikuwa. Khodi yanga inkayenda kuyambira pamwamba mpaka pansi popanda kudandaula kulikonse komwe ndikanakuona. Zolemba za pa seva zinali zoyera. Pa laputopu yanga khadi linkatuluka lokongola nthawi iliyonse. Ndinachepetsa zenera la Chrome monga amatiuzira, ndinasankha dzina la iPhone pamndandanda, khadi linatulukabe. Kachipangizo kameneka kamangosintha zinthu monga kukula kwa zenera ndi dzina lomwe bulauza ikudzitchula, koma pansi pake injini ndi ya Chrome yomweyo. WebKit, injini ya Safari, mulibemo.

Kuti uone zimene Safari ya pafoni ikunena, umafunika iPhone, chingwe, ndi Mac yotsegulirapo Web Inspector, chida choonera mauthenga a bulauza. Pa zitatuzi ine ndinali ndi chingwe chokha. Kwa maola awiri ndinkangolota. Ndinakayikira CORS ija ya dzulo lake, ndinakayikira mafonti kuti mwina sakutsika msanga, ndinakayikira zithunzi za HEIC, mtundu womwe iPhone imajambula. Ndikasintha kanthu ndinkatumiza pa seva, n'kupempha mtsikana wathu woyankha makasitomala kuti apemphe kasitomala wokwiya kale ayesenso. Ndinachita manyazi kwambiri kusandutsa anthu olipira ndalama zawo kukhala otiyesera ntchito.

Cha m'ma 11 koloko ndinaimbira mnzanga amene tinagwira limodzi ntchito kale. Anali atagona.

"Achimwene, pepani kukudzutsani. Muli ndi Mac yanu pafupi?"

"Ilipo. Chavuta n'chiyani usiku uno?"

"Tsegulani tsamba ndikutumizireni pa iPhone yanu, mulumikize chingwe, mundiwerengere zimene zalembedwa mu console."

Sipanathe mphindi zisanu. Anandiwerengera mzere umodzi wonena kuti kukula kwa canvas kwapitirira malire, ndipo nambala yake inali 16777216. Ameneyo ndi 4096 kuchulukitsa ndi 4096. Ndinatenga pepala. Khadi lathu ndi 1500 m'lifupi, 2200 m'litali. Pa laputopu ya devicePixelRatio ya 2 limakhala 3000 ndi 4400, mapikiselo 13,200,000, pansi pa malire. Pafoni ya 3 limakhala 4500 ndi 6600, mapikiselo 29,700,000. Pikiselo iliyonse imadya mabaiti anayi, ndiye kuti ndinkapempha foni kuti indipatse pafupifupi mamegabaiti 119 pa khadi limodzi. Safari inakana, ndipo toDataURL inabweza kachingwe ka "data:," kopanda kanthu, komwe khodi yanga inakalandira ngati chithunzi chenicheni.

Kulakwitsa kwa Lolemba kuja kunali kwanga, sindikukana. Koma cholakwika chotere chimagwidwa m'mphindi zisanu ngati foni ili pa tebulo. Ndikanadina potsitsa Lolemba lomwelo, ndikanaona poyera paja, ndikanakonza dzuwa lisanalowe. Canvas yomweyi anaiyambitsa ndi Apple mu 2004, mu WebKit, isanafalikire ku mabulauza ena n'kulowa mu HTML5. Sindimvetsa kuti gulu lomwe ntchito yake yonse yatsamira pa canvas lingamasiye bwanji injini imeneyi osaiyesako n'kamodzi komwe.

Kukonzako sikunali kovuta. Canvas yoonetsa pa sikirini ndinaisiya kuti izitsatira devicePixelRatio, koma yotsitsira ndinaikhomera pa 1500 ndi 2200 basi. Ndinachoka pa toDataURL n'kupita pa toBlob, lamulo lina la ntchito yomweyo, ndipo ikabweza null, kutanthauza kuti palibe chatuluka, munthu amauzidwa momveka kuti khadi silinatheke, komanso uthenga umafika kwa ife. Ikatha ntchito canvas yobisika ija ndimaibwezera pa width ndi height ya 0 kuti foni imasule malo msanga, poti Safari inkawerengeranso malo omwe ma canvas onse a patsamba adya pamodzi. Mnzanga uja anakhala maso mpaka 1 koloko kundiyesera. Kampani yathu simulipira, ndipo akuluakulu sakumudziwa n'komwe.

Lachisanu m'mawa kunali msonkhano. Bwana anafunsa kuti zinatheka bwanji kuti chinthu chosayesedwa chifike kwa makasitomala. Ndinawayankha mwaulemu: "Bwana, ndinakuuzani Lachinayi m'mawa, ndipo kalata yopempha zipangizo ndinakulemberani katatu." Anati nkhani ya zipangizo aiona bajeti ikatuluka, koma pakadali pano tizisamala kwambiri. Kusamala ndimasamala. Koma maso anga saona mkati mwa foni yomwe ndilibe. Ndinanena kuti ngati kugula kwavuta, alipire makampani aja obwereketsa mafoni enieni kudzera pa intaneti, mwezi umodzi wokha tione. Anazilemba m'kabuku kawo. Pomaliza anandipatsa ntchito yolemba lipoti la zomwe zinachitika, ndipo anawonjezera kuti kasitomala akufuna tinyenyezi tiziphulika munthu akagwira sikirini, zikhale zitatheka Lachitatu likubwerali.

Masana ake ndinalembera mmodzimmodzi anthu omwe makadi awo anatuluka oyera, n'kuwapangira ndekha pa laputopu. Mayi woyamba uja anayankha kuti walandira, koma osindikiza anali atamuuza kale kuti adikire mpaka Lolemba.

Palinso ntchito ina yomwe yakhala ikukankhidwira kutsogolo sabata ndi sabata. Munthu wosaona amene amadalira pulogalamu yomuwerengera sikirini sapeza chilichonse m'khadi lathu, chifukwa mawu ojambulidwa pa canvas ndi mapikiselo chabe. Ndikufuna kuika mawu omwewo m'tsamba momwe pulogalamuyo ingawafikire, komanso kuzimitsa tinyenyezi kwa amene anasankha prefers-reduced-motion chifukwa zoyendayenda zimawachititsa chizungulire. Ndi ntchito ya masiku awiri. Ndinaikumbutsanso Lachisanu, koma pamndandanda anaiika pansi pa tinyenyezi tophulika.

Loweruka ndinagona mpaka masana. Nditadzuka ndinalemba lipoti lija, ndipo pansi pake ndinaphatikizapo kalata yachinayi yopempha iPhone ndi Mac.