Kuchotsa gastric band n'kupanga bypass: mmene ndinadutsiramo

Ndimakhala ku England, ndipo gastric band anandiika nthawi imene opaleshoni imeneyi inali yotchuka kwambiri. Kwa amene simukuidziwa, ndi kalamba ka silikoni kamene amamanga kumtunda kwa chifu kuti munthu azikhuta msanga. Kali ndi kapaipi kofika pa kabatani kokhala pansi pa khungu la pamimba, ndipo dokotala amabaya jakisoni pamenepo n'kuthira madzi amchere kuti lamba afine, kapena kuwapopa kuti amasuke.

Zaka zoyambirira thupi linatsika ndithu. Mavuto anabwera pang'onopang'ono. Chilungulira chinkandidzutsa usiku ndikutsokomola, madzi owawasa atafika kukhosi. Nyama ndi buledi zinkakakamira pachifuwa mpaka nditasanza. Zimene zinkadutsa bwinobwino ndi zomwe zimanenepetsa: mabisiketi oviika mu tiyi, chokoleti, ayisikilimu. Choncho ndinkasanza pafupipafupi koma thupi likukwerabe. Ngati muli ndi band ndipo izi zikukuchitikirani, chonde musapirire. Kusanza tsiku ndi tsiku si umboni woti lamba akugwira ntchito. Ndi chizindikiro choti china chake chasokonekera, ndipo kum'mero kukuvutika.

Dokotala wanga wa tsiku ndi tsiku ananditumiza kwa madokotala a opaleshoni yochepetsa thupi. Choyamba anapopa madzi onse a mu band, ndipo usiku womwewo ndinagona osatsokomola. Kenako anandimwetsa madzi oyera okhuthara a barium akujambula X-ray. Chithunzi chinaonetsa kuti lamba anali ataseleleka, mbali ina ya chifu italowera pamwamba pake, ndipo kum'mero kunali kutayamba kutanuka. Analowetsanso kamera kudzera m'kamwa kuti aone ngati lamba sanadye khoma la chifu n'kulowa mkati, komanso kuyeza kachilombo ka m'chifu kotchedwa Helicobacter pylori, kamene amafuna kaphedwe kaye opaleshoni isanachitike.

Ndinafunsa za sleeve, opaleshoni imene amadula n'kuchotsa gawo lalikulu la chifu, chifukwa ndinkamva kuti ndi yosavuta. Anandifotokozera kuti sleeve imatha kukulitsa chilungulira, pamene Roux-en-Y gastric bypass nthawi zambiri imachithetsa. Pa bypass amadula kumtunda kwa chifu n'kupanga kathumba kakang'ono ka mamililita pafupifupi 30. Kathumbako amakalumikiza ku matumbo aang'ono, moti chakudya chimalambalala chifu chachikulu ndi gawo loyamba la matumbo. Chifu chachikulucho sachichotsa, chimatsala momwemo chikutulutsabe madzi ogaya chakudya amene amakakumana ndi chakudyacho chakumunsi. Apa ndinakhala pansi n'kuganiza mofatsa, chifukwa band amatha kuichotsa, koma bypass munthu amaitenga ngati ya moyo wonse.

Anandiuzanso zoona ziwiri zimene ndikufuna nanunso muzimve. Opaleshoni yachiwiri imakhala ndi chiopsezo chokulirapo kuposa yoyamba, chifukwa pamene panali lamba pamatsala zipsera zolimba, ndipo kusoka pamalo otere n'kovuta. Komanso ambiri amene asintha kuchoka pa band satsika thupi kwambiri ngati amene anayambira pa bypass. Chifukwa cha zipserazo, madokotala ena amachotsa kaye lamba, n'kudikira miyezi ingapo kuti chifu chipole, kenako n'kudzapanga bypass. Ine ndinasaina kuvomereza njira zonse ziwiri, kuti dokotala akasankhe ataona mmene mkatimo muliri.

Ndinakumana ndi katswiri wa zakudya, wa zamaganizo, ndi dokotala wogonetsa. Milungu iwiri yomaliza ndinali pa zakudya zochepetsa chiwindi: mkaka, yogati, msuzi wopanda mafuta, basi. Chiwindi chimakhala pamwamba pa chifu ndipo amayenera kuchinyamula kuti agwire ntchito, ndiye chikakhala chachikulu chamafuta opaleshoni imavuta. Masiku oyamba mutu unkawawa, koma lamulo limeneli si lonyengerera.

Anachita opaleshoni kudzera m'timabowo ting'onoting'ono pamimba, ndipo zonse zinatheka kamodzi: lamba, kapaipi ndi kabatani zinatuluka, bypass n'kupangidwa. Tsiku lomwelo anamwino anandidzutsa kuti ndiyende m'khonde, kuopa kuundana kwa magazi m'miyendo. Potuluka anandipatsa majakisoni odzibaya ndekha pa chifukwa chomwecho, ndi mankhwala ochepetsa asidi m'mimba. Anandichenjeza kuti mtima ukayamba kuthamanga, thupi likatentha, kapena ululu wa m'mimba ukamakula, ndibwerere kuchipatala nthawi yomweyo, chifukwa mwina pamene anasoka pakudontha.

Kudya ndinayambiranso ngati khanda. Milungu iwiri ya zamadzimadzi zokha, kenako zopota zosalala, kenako zofewa monga mazira, nsomba ndi nyemba zonyenya. Madzi ndimachita kupsontha tsiku lonse mpaka akwane lita imodzi ndi theka, ndipo sindimwa pamodzi ndi chakudya. Ndimasiya mphindi 30 pakati. Cholinga cha tsiku lililonse ndi mapuloteni osachepera magalamu 60, ndiye m'mbale ndimayamba ndi ndiwo.

Nkhani ya nsima inandipweteka mumtima kuposa mabala. Kwathu nsima ndiye chakudya, ndiwo zimangoperekeza, ndipo munthu akadya mpunga amati sanadye. Tsopano zinatembenuka. Nsima imalemera m'kathumbako n'kulanda malo a ndiwo, moti ngakhale pano ndimangotema mbamu ziwiri kapena zitatu zing'onozing'ono pamapeto. Pa zikondwerero za Amalawi anzanga kuno, amayi achikulire amandiyang'ana mwachisoni n'kundifunsa kuti, "Kodi mwana wanga, ukudwala?" Ndimawayankha mwaulemu kuti ayi mayi, ndinachitidwa opaleshoni ya m'mimba, ndipo amamvetsa.

Shuga nayenso ali ndi chilango chake chimene madokotala amati dumping syndrome. Zotsekemera zikathamangira m'matumbo, thukuta limatuluka, mtima umagunda, mutu umazungulira, nthawi zina n'kutsegula m'mimba. Fanta ndi Sobo ndinasiyana nazo. Mowa umalowa m'magazi msanga kwambiri kuposa kale. Tsitsi linathothoka patapita miyezi ingapo, koma linameranso. Amayi amene akufuna mwana amauzidwa kudikira miyezi 12 mpaka 18, ndipo mapiritsi olera sakhalanso odalirika mokwanira.

Chilungulira chinatheratu, ndipo ndimameza nyama popanda mantha. Pa ine, zimenezi zokha zinali zokwanira, ngakhale thupi nalo latsika. Koma mavitamini ndi a moyo wonse: a tsiku ndi tsiku, calcium ndi vitamini D, iron, jakisoni wa B12 miyezi itatu iliyonse, ndi kuyezetsa magazi chaka chilichonse. Ndikamapita kumudzi ndimanyamula okwanira ulendo wonse, pamodzi ndi kalata yofotokoza opaleshoni yanga. Brufen, Indocid ndi diclofenac sindimwa ngakhale wina andipatse ndi mtima wabwino, chifukwa amatha kuyambitsa chilonda pamene kathumba kanalumikizidwa ndi matumbo. Mutu ukawawa ndimamwa Panado. Ndipo m'mimba mukadzapota mwamphamvu, ngakhale patapita zaka, ndinauzidwa kuthamangira kuchipatala n'kunena msanga kuti ndili ndi bypass, chifukwa matumbo amatha kulowa m'mpata wotsala mkati n'kupotana.