Mlandu wa Kompyuta Yothima Yokha

Popeza mphwanga wafalitsa kale nkhaniyi pa WhatsApp ya banja lathu, ndipo waithira mchere wopitirira muyezo, ndaona kuti ndi bwino ndiifotokoze ndekha. N'zoona kuti ndinapita kukagogoda kwa aneba usiku kukafunsa ngati kwawonso magetsi athima, pamene babu la pakhonde pawo linali kuwala pamutu panga penipeni. Iwo anayang'ana babulo, nayang'ana ine, nayang'ananso babulo, kenaka anandifunsa mwaulemu wonse kuti, "Achimwene, kodi mukuganiza kuti limeneli likuyakira palafini?" Ndinayankha kuti ndimangofuna kutsimikiza, ndipo ndinaimabe pamenepo kwa kanthawi ndikuliyang'anitsitsa babulo ngati kuti mwina lingathime pondimvera chisoni. Silinathime.

Chimene mphwangayo sakunena n'chakuti munthu aliyense wokulira kuno, akaona sikirini yada bii mwadzidzidzi, sayamba waganiza za china chilichonse koma magetsi. Kompyuta yanga inali itandithimira kachisanu ndi chiwiri kuchokera tsiku limene ndinachotsamo GTX 1050 Ti, kakhadi kofatsa koyendetsa zithunzi za pa sikirini kamene kamakhutira ndi mawati 75 a magetsi ochokera pa motherboard (bolodi lalikulu la m'kati mwa kompyuta), n'kuikamo khadi lamphamvu kwambiri, RTX 3070 yogwiritsidwapo kale ntchito imene mlamu wanga anandibweretsera kuchokera ku Johannesburg. Polemba makalata kapena poonera YouTube inkayenda bwinobwino, koma ndikangoyamba gemu, pasanathe mphindi khumi, zonse zinkangoti zii, popanda chenjezo kapena sikirini ya buluu yomwe, ija imene Windows imaonetsa ikasokonekera.

Ndinafufuza monga munthu wophunzira. Mu Event Viewer, momwe Windows imalembamo zochitika za pa kompyuta, ndinapezamo uthenga wa Kernel-Power 41, umene tanthauzo lake ndi lakuti kompyuta inathima mosayembekezereka, zimene ine ndinali nditaziona kale ndi maso anga. Ndinafufuta madiraivala onse, mapulogalamu oyendetsa khadilo, ndi pulogalamu ya DDU n'kuikamo atsopano. Ndinasiya pulogalamu ya MemTest86 ikuyeza RAM, memore ya kompyuta, usiku wonse ndipo sinapeze cholakwa chilichonse. Pamenepo ndinagamula kuti vuto ndi kutentha, ngakhale pulogalamu ya HWMonitor inkaonetsa kuti khadilo silikupitirira madigiri 70. Ndinatsekula chivundikiro cha m'mbali, n'kulanda fani yokhayo ya m'nyumba mwathu m'mwezi wa Okutobala, n'kuilozetsa m'mimba mwa kompyuta. Mayi a kunyumba anakhala pa mpando akudzikupiza ndi chivundikiro cha poto, thukuta lili kamukamu, akuyang'ana makina akupitidwa mphepo ngati mfumu pa tsiku loilonga ufumu. Sanayankhule kanthu, ndipo kusayankhulako n'kumene kunandiopsa kwambiri. Kompyutayo inathima itazizira bwino lomwe.

Loweruka kunabwera mphwanga uja, mwana wa Fomu 2, amene ndinamuphunzitsa ndekha kugwira mbewa ya kompyuta. Anagwada, nawalitsa tochi ya foni pansi pa bokosilo, nawerenga kapepala komata pa power supply, kabokosi kogawa magetsi m'kompyuta, kenaka anati, "Achimwene, iyi ndi ya mawati 450." Ndinamufunsa kuti nanga vuto lake n'chiyani. Iye anafotokoza, modekha kwambiri moti ndinakwiya, kuti khadi latsopanolo palokha limadya mawati pafupifupi 220, kuti nthawi zina limakoka mphamvu yoposa pamenepo kwa kamphindi kochepetsetsa, ndiponso kuti opanga ake amalangiza power supply ya mawati 650. Power supply yanga yokalambayo ikapanikizika inkadzithimitsa yokha pofuna kudziteteza, kutanthauza kuti pa zinthu zonse za m'chipindamo, ndi iyo yokha imene inkachita zanzeru.

Podziteteza ndinene kuti khadilo linabwera lopanda katoni yake, litakulungidwa m'thawulo pakati pa nsapato za ana, choncho panalibe poti ndiwerenge za mawati 650 amenewo. Ndinenenso kuti kapepala ka pa power supply kanayang'ana kukhoma, ndipo munthu wa msinkhu wanga sagwada pansi mwachisawawa.

Ndinagula ina ya mawati 750 ndi ndalama zimene tinkasungira utoto wa nyumba, ndipo mphwangayo anaumirira kuti aimange yekha ine ndikumugwirira tochi. Kompyutayo inayenda ola lathunthu osathima. Ndiyeno magetsi anathimadi, dera lonse mdima bii, koma sindinapite kukafunsa kwa aneba.